Mankhwala anali m'manja mwanga

Lachinayi madzulo. Tsiku loipa.

Masana ndikukolopa m'chimbudzi cha akazi kuntchito ku Cannington, kunja kuno, ndinapeza mtsikana ali gone pansi, milomo itada, jakisoni ali pambali pake. Ndinathamanga kukatenga mankhwala opopera m'mphuno, amene abwana anati amadzutsa munthu wokomoka ndi mankhwala osokoneza bongo. Ndinawagwira m'manja koma sindinamupopere. Kwathu munthu akafera m'manja mwako, apolisi amayamba ndi iwe. Ndinaganiza za viza yanga. Ndinangokuwa kuti wina aimbe foni, n'kuima mpaka ambulansi inafika.

Mayi wa ambulansi anaona mankhwalawo ali osatsekula. Anati lamulo la kuno limateteza aliyense wopereka mankhwalawa pofuna kupulumutsa moyo, palibe akanandimanga. Mtsikanayo anamunyamula asanatsitsimuke.

Kunyumba ndinauza alamu anga, amene ndi namwino, amuna anga ali pomwepo. Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ndiye munaima ngati chitsa, alamu? Kuno ngakhale ana a sukulu amazidziwa zimenezo. Achimwene, mkazi wa Sitandade 5 ameneyu munakamutola kuti?"

Amuna anga sanachotse maso pa foni.

"Akafa musadandaule," anawonjezera alamuwo. "Kuimirira si mlandu."

Dzina la mtsikana uja sindikulidziwa, ndiye sindingafunse kuchipatala ngati ali moyo. Ndi wamsinkhu wanga. Mawa m'mawa andiikanso kuchimbudzi chomwecho, ndipo sindikudziwa kuti pamene anagona paja ndikakolopapo bwanji.