Tonde wa Malume ndi Mgwirizano wa Pamsika

Lachisanu, Okutobala. Kwatentha, ndipo digiri yanga yandichititsa manyazi.

Malume afika m'mawa wapansi kuchokera kwa Kanduku, akukoka tonde woti agulitse kuti apeze feteleza mvula isanagwe. Ndawaperekeza kumsika. Ogulitsa nyama pa Boma pano alipo atatu. Woyamba watchula mtengo woyenera nkhuku. Wachiwiri watchula womwewo, tondeyo osamuyang'ana n'komwe. Wachitatu wangoseka: "Achimwene, mbuzi za kwa Kanduku amagula ndi a Jasi, omwe munayambira aja. Ife tinagawana misewu, sitilandana."

Potuluka malume andifunsa: "Iwe mphwanga, zaka zonse zija ku yunivesite, sunapezeko lamulo loletsa zimenezi?"

Ndawauza kuti lilipo ndithu, koma kumaiko akunja. Kumeneko amalonda akapangana mtengo amawatengera kukhoti. Kuno timati ndi umodzi, ndipo timauombera m'manja.

"Ndiye lemba kalata yodandaula. Chizungu uli nacho."

Kalata ndikhoza kulemba yokoma kwabasi. Koma madandaulo a pamsika amalandira ndi tcheyamani wa chipani, ndipo tcheyamaniyo ndi a Jasi omwewo. Angaiwerenge akunola mpeni, kenaka n'kufunsa kuti mphunzitsi wodana ndi umodziyu kwawo n'kuti.

Malume sanandikakamize. Abwerera okha kwa a Jasi, ndipo masana adutsa pano ndi chingwe chokhachokha, ati feteleza akwanira theka la munda.

Madzulo akazi anga aphika nyama ya mbuzi yakumsika, yodula kuposa dzulo. Ndadya. Choipa n'chakuti inali yokoma, mpaka ndapempha ina...