Ndakhala Ndikuwayankha Adada M'dzina Lanu

Zingwangwa,
Blantyre.
7 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene Chawanangwa,

Ndine Towela, mlongo wanu. Ndayamba ndi dzina kuti ngati mukufuna kung'amba kalatayi, mung'ambe mukudziwa mwini wake, koma chonde werengani kaye mpaka pansi. Ndaipereka kwa a Hamudi, kondakitala wa basi ya ku Joni, amene akuti anakuonani mwezi watha pa shopu ina kufupi ndi podikirira basi, ndipo alonjeza kuti aipereka m'manja mwanu. Nambala yanu inasiya kugwira kalekale, ndiye njira ina ndilibe.

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno sitili bwino. Adada shuga yawagwira zolimba. Maso anayamba kuchita chifunga zaka zitatu zapitazo, pano amangozindikira kuti kunja kwacha kapena kwada. Mu Ogasiti chala cha kuphazi lamanja chinachita bala, bala lija lakwera, ndipo adokotala anena mosabisa kuti mwendo udulidwe pansi pa bondo lisanadutse Lachisanu la sabata ya mawa, apo ayi zifika m'magazi. Adada akukana kusaina. Akuti sasaina asanamve mawu anu. Amene ndawafikitsa pamenepa ndine, ndi bodza langa, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene zinayambira.

Mukuwakumbukira a Laurenti, mnzawo uja ankang'amba matikiti pakhomo masiku amene adada ankayendetsa makina pa holo ya kanema m'tauni? Zaka ziwiri zapitazo anabwera ndi mapepala atatu amene mdzukulu wawo anawasindikizira kuntchito. Unali mndandanda wa mafilimu handiredi a ku America amene akatswiri openda mafilimu akuti ndiwo opambana onse. Nthawi imeneyo adada anali atasiya kudya bwino, atasiya kupita ku kwaya, amangokhala pakhonde ngati thumba la makala. Ndinawawerengera mndandanda uja kuyambira kumunsi. Sindinafike ndi pakati pomwe, munthu anadzuka pampando.

"Wasanja izi ndani?" anafunsa.

"Ndi anthu ophunzira, a Chavula," anatero a Laurenti. "Ntchito yawo ndi imeneyo."

"Ophunzira? Anakhalapo mu holo Loweruka masana? Ine ndaonera mafilimu zaka twente fili pa kazenera kotere. Filimu suiyeza ndi sukulu, umaiyeza ndi a kutsogolo, a mipando yotchipa aja. Akasiya malikhweru ndi kugendana makoko a mtedza, imeneyo ndiye filimu."

Anakangana mpaka tiyi anazizira. A Laurenti atapita, adada anati, "Akanakhalapo Chawa." Achimwene, dzina lanu linali lisanatulukepo pakamwa pawo chichokere tsiku lija la ku Ndirande, pamene anakupezani mu vidiyo shoo mutagwira maiki mukumasulira filimu m'Chichewa, nazula waya pakhoma holo itadzaza, n'kunena kuti iwo anabereka mwana osati chinkhwe chowononga ntchito za eni ake. Ndiye anati, "Towela, nambala yake uli nayo? Tamufunse ngati nambala handirediyi ikuyenera kukhala pamenepo."

Ndikanangonena kuti nambala inafa. Koma munthu anali atadya mbatata ziwiri tsiku limenelo, ndipo ndinaopa kumubweza ku thumba la makala kuja. Ndinati ndili nayo. Ananena mawu awo, ine n'kulemba pa foni osatumiza kulikonse. Mawa lake anafunsa ngati mwayankha, ine n'kutenga foni, n'kuwerenga yankho lanu pa galasi lozima. Iwo saona, sakanadziwa.

Basi zinakhazikika. Sabata iliyonse filimu imodzi, kuchokera kumunsi kupita kumwamba. Ndikaweruka kusukulu Lachisanu ndimadzera ku Chitawira kukaikitsa filimuyo mu fulashi, ndipo zina zakalekale mwini shopu amachita kundiseka kuti mayi mukufuna za makolo anu. Lamulungu tikabwera kutchalitchi timayatsa, iwo kumvetsera, ine kuwauza zimene zikuoneka. Sindinakhozepo ngakhale kamodzi. "Usandiuze kuti walowa m'nyumba, chitseko ndachimva. Ndiuze kuwala kukuchokera kuti." Lolemba amandilembetsa maganizo awo, Lachitatu inu mumayankha. Tinadumpha mwezi umodzi wokha, wa namondwe Freddy, pamene nyumba ya a Laurenti ku Manje inapita ndi matope ndipo anadzagona kwathu.

Poyamba ndinkangokuvomerezetsani zonse. Adada akati akatswiriwa ndi mbuli, inu mumati ndi mbulidi. Pa nambala nayinte fo anakwinya nkhope. "Chawa chibadwire sanandivomerepo. Akudwala?" Ndinachita mantha, ndiye kuyambira pamenepo munayamba kuwatsutsa. Ndipo potsutsa ndinapeza kuti nanenso ndili ndi maganizo, ine amene ndinakula ndikutumidwa kukhitchini inu awiri mukayamba za mafilimu.

Panali ina ya amuna a pa akavalo, pa nambala sikisite chakuti, imene adada anaionetsa maulendo osawerengeka. Iwo ankati akatswiriwa aiba, malo ake ndi mu teni oyamba, chifukwa a kutsogolo ankaiwala ndi kupuma komwe. Inu munayankha kuti ili pamalo pake. Munati a kutsogolowo anali amuna okhaokha, n'chifukwa chake palibe anaona kuti mayi amene akuwaphikira ndi kuwasokera mabala anthu onsewo salankhula liwu ngakhale limodzi filimu yonse. Adada anamenya dzanja la mpando. Anakutchani mwana wamwano. Kenako anaseka, ndipo a Laurenti atabwera anandiuza ndiwerengenso.

"Mwamva, a Laurenti? Mwana uyu ali ndi maso. Towela tinaonera naye limodzi, iye ndi amene ankandiuza zithunzi, koma sanazione."

Ndinapita kubafa ndikalira. Sindikubisirani, tsiku limenelo ndinakudani. Ndimawaphikira ndine, ndimabaya jakisoni ndine, ndimadzuka mmamawa kukagwira mzere kuchipatala ndine, ndiye nzeru zanga zomwe akaziyamikira akuziyamikira inu, amene simunatumizeko ngakhale moni pa maliro a azakhali. Koma Lachitatu lotsatira ndinayankhanso, chifukwa munthu anali atayamba kumeta ndevu ndi kufunsa kuti lero ndiwo n'chiyani.

Kuti musadzasochere, nazi zimene mwakhala mukunena. Mumati akatswiriwa amaopa kuseka, n'chifukwa chake mafilimu oseketsa awaponya kumunsi ngati kuseketsa munthu ndi ntchito yamasewera. Adada pamenepo amagwirizana nanu koma safuna kuvomera. Mumati mafilimu opanda mtundu aja, akuda ndi oyera, achuluka kumwambaku chifukwa osanjawo ndi okalamba ndipo akusanja unyamata wawo. Adada amati inu ndi amene muli mwana, ndipo chithunzi chopanda mtundu chimabisa bodza pang'ono. Munafunsapo kuti anthu a khungu ngati lathu ali kuti pa mndandandawu, ndipo amene alipowo bwanji ambiri akunyamula mathireyi. Imeneyo sanayankhe sabata yonse. Kupatula apo muli pa ntchito yabwino, simunakwatire, ndipo mu Juni ndinakudwalitsani chimfine chifukwa ndinali ndi mayeso ochonga. Atafunsa chifukwa chake simuimba, ndinati foni yanu inafa maiki. Sanakakamize. Ndikuganiza nawonso ankaopa mawu anu. Lero a Hamudi andiuza kuti shopu imene muliyo ndi yokonza mafoni, ndaseka mpaka misozi.

Tsopano zimene zachitika. Lamulungu la sabata yatha tinafika pa nambala fili. Ndi filimu ya anthu olankhula Chizungu chothamanga, chotafuna, ndipo adada anali ndi malungo a bala lija, thupi likutentha, kunja nakonso kukuwotcha ngati Okutobala wafika kale. Patapita nthawi pang'ono anati, "Sindikumva. Akuti chiyani?" Ndinawauza. Anafunsanso, ndinawauzanso. Sindikudziwa kuti ndinayamba nthawi yanji, koma ndinangopezeka ndikulankhula pamwamba pa filimu ija m'Chichewa, mwamuna ndikumupatsa mawu ake, mkazi ake, wapolisi ndikumulankhulitsa ngati a pa rodibuloko. A Laurenti anali pomwepo, ankaseka atagwira pamimba. Adada nawonso anaseka kawiri. Kenako chakumapeto, pamene nkhani inafika pa chisoni, m'nyumba munangoti zii, ine ndekha ndikulankhula.

Itatha adada anatembenukira kwa ine. Ndiye anafunsa, "Zimenezi ndi zimene ankachita Chawa?"

"Ndi zomwezi, adada. Iye ankaposa pamenepa."

"Tenga foni."

Ndikukopera mawu awo mmene anawanenera, sindinawonjezere kapena kuchotsa:

"Chawa, nambala fili ndaimva m'Chichewa pakamwa pa mlongo wako, ndipo sinawonongeke. Za malo ake tidzakangana tsiku lina. Ku Ndirande ndinalakwa. Nditalowa muja anthu anali chete kukumvetsera, ndinazimva ndi makutu anga, koma ndinazulabe waya. Chinandipweteka n'choti holo yanga inali itatsekedwa, yako itadzaza. Undikhululukire, mwana wane. Yankho la ichi usalembe. Bwereka foni ya mnzako, ndikufuna ndilimve."

Achimwene, ndinalemba zonse, koma ndinalibe kozitumiza. Ndakupekerani maganizo pa mafilimu nayinte seveni, ndakupekerani ntchito, chimfine ndi moni wa Khirisimasi, koma ichi sindingapeke. Amene anachititsidwa manyazi ku Ndirande sindine. Sindikudziwa kuti munagona kuti sabata imeneyo, kapena munafika bwanji ku Joni, kapena mwakhala mukuuza anthu kuti bambo anu ali moyo kapena anamwalira. Kukhululuka n'kwanu, kukana n'kwanunso.

Lachinayi tinapita kuchipatala. Adokotala anafotokoza bwinobwino, anesi anawaika cholembera m'manja, anawagwira dzanja kuwasonyeza posaina. Adada anachiika pansi. Anati, "Ndili ndi mlandu umene sunathe. Pa tebulo la opaleshoni paja ena sadzuka. Ndisaina ndikamva mwana wanga." Ndinagwada pa simenti pamaso pa anthu kuwadandaulira. Abusa abwera kawiri. Mumawadziwa adada akanena kuti ayi.

A Laurenti anandiitanira kuseri kwa nyumba. Iwo akhala akudziwa kuyambira chaka chatha, anaona foni yozima ija n'kungokhala chete. Akuti ali ndi mlamu wawo ku Chemusa amene anakhalako ku Joni, akhoza kuimba n'kunena mawu awiri okha, foni n'kuduka. Ndinakana. Munthu amene amazindikira wosewera mu filimu pongomva kutsokomola sanganamizidwe ndi mlamu wa a Laurenti, ndipo akazindikira ndiye kuti zonse za zaka ziwirizi zagwa tsiku limodzi. Ndaganizanso zowauza chilungamo ndekha. Ndimafika pakhomo la chipinda chawo n'kubwerera. Ndikawauza kuti mwana wawo sanayankhepo chiyambire, kuti kupepesa kwawo kuli mu foni yanga mokha, mukuganiza kuti adzasainira chiyani? Ndili ndi mantha, achimwene. Ndikuopa kuti ndinawadzutsa pakhonde paja kuti ndidzawaphe ndi manja anga.

Sindikukupemphani kuti mubwere. Sindikukupemphani kanthu kalikonse ka m'thumba. Imbani. Nambala yanga ndailemba pamwamba pa tsamba lililonse ndi kuseri kwa envulopu, kuti ngakhale mutataya lina lidzakhalepo. Foni ndikuyenda nayo ndi m'kalasi momwe, ahedi ndawauza. Ngati mwawakhululukira, auzeni. Ngati simunawakhululukire, imbanibe, muwauze kuti simunafike pamenepo koma asaine. Ngakhale muwakalipire, amva mawu anu. Mukafuna kuwauza kuti mayankho aja sanali anu, auzeni mwendo utachoka, ine ndidzaima pomwepo ndilandire zanga. Mukafuna kusawauza, mapepala atatu aja ndawaika m'kalata muno, ndipo pambali pa nambala iliyonse ndalemba zimene munanena. Atsala awiri, nambala thu ndi nambala wani. Adada akuti sitionera mpaka inu mutalankhula.

Bala layamba kununkha ngakhale nditsuke katatu. Dzulo ndaona kuti kuda kuja kwadutsa pa kakolo. A Hamudi akuti basi ifika Lachitatu, ndiye mukhala ndi masiku asanu ndi anayi, koma adokotala anati Lachisanu limenelo ndi malire, osati lonjezo.

Akupereka moni a Laurenti, akuti mukadali ndi ambulera yawo. Akupereka moni amayi a kwaya amene amabwera kudzaimba Lachiwiri. Ana a m'kalasi mwanga sakukudziwani koma akhala akukupemphererani, ndinawauza kuti ndili ndi mchimwene amene anasochera. Ine ndikupereka moni, ndipo ndikupepesa pogwiritsa ntchito dzina lanu osapempha.

Adada sakudziwa kuti ndikulemba kalata, akuyesa ndikuchonga makope. Posachedwapa andiitana kuchipinda, andifunsa ngati mwayankha. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za netiweki, koma ndatopa. Ndati, "Sanayankhe, adada." Aka n'koyamba kuwauza zoona za inu. Anatembenukira kukhoma, n'kunena kuti, "Usamufulumizitse. Ine zanditengera zaka zisanu ndi chimodzi. Timudikira."

Iwo akhoza kudikira, achimwene. Mwendo sudikira.

Ndine mlongo wanu,
Towela