Nsalu Zitatu za Lenia

Fort Jameson,
20 Okutobala 1946

Wokondedwa mlongo wanga Alfonsi,

Landira moni wochokera kuno kwanu. Kaya uli bwanji ku Bulawayoko? Ife tili bwino, kupatula amayi amene mwendo uja ukuwavutabe. Dzuwa nalo lafika poipa.

Kalata yako inafika. Ndinaiwerenga bwinobwino mpaka pamene unalemba kuti bwana wako wakulemba "pemanenti". Pamenepo ndinakakamira. Iwe Alfonsi, amene unkathawa sukulu kukakumba mbewa, lero ukutilembera Chingerezi?

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinafunsa aphunzitsi a Lazarus. Kupusa kwanga, ndinafunsira pagulu, mkazi wako Lenia ndi amalume ake ali pomwepo. Ndinkayesa ndi mawu oti tikawamva tiyimbe nthungululu.

Aphunzitsi anati mawuwo amanena chinthu chokhalitsa, chosachoka pamalo. Anati msasa wa kumunda si pemanenti, koma nyumba ya njerwa ya ku Boma ndiyo pemanenti. Munthu akalembedwa chotero pa ntchito ndiye kuti wakhazikika, kwawo azingobwerako kudzacheza.

Amalume a Lenia anaseka, nati mawu amenewo tili nawo kale m'Chinyanja, timati mtchona. Ndinachita manyazi osowa poyang'ana.

Ndiye aphunzitsi anawonjezera kuti ukwati wa m'tchalitchi nawonso ndi pemanenti. Wamva? Iwe wakhazikika uko mwa kufuna kwako, mwana wa eni wamangika kuno. Amalume ake akufuna akwatiwe ndi Sankhani uja wabwera kuchokera kunkhondo. Lenia akavomera, Abambo ansembe amuletsa masakramenti. Akakana, adzakalamba akusesa pakhomo popanda mwamuna.

Tsopano ndikuuze zimene ndakhala ndikubisa. Ukudziwa kuti kwathu kuno mwamuna wosaveka mkazi wake alibe ukwati. Iwe zaka zitatu zatha osatumiza ngakhale kansanza. Ine chaka chilichonse ndinkasenza mtedza wanga wapansi mpaka m'tauni, n'kugula nsalu m'sitolo ya a Asmani. Ndinkaikulunga m'pepala, n'kulipaka fumbi kuti lioneke lochokera kutali, n'kumuuza Lenia kuti wapatsira munthu wodutsa. Ndanama katatu chifukwa cha iwe, ndipo katatu konse ndakagwada kolapa.

Tsiku lomwelo la kutchalitchi Lenia anabwera kwanga atapinda nsalu zitatu zija. Anati ndileke kudzivutitsa, anadziwa kuyambira nsalu yoyamba. Ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji. Anati zonse zinali zabuluu, pomwe iwe unakhala naye zaka ziwiri m'nyumba imodzi osadziwa mtundu umene amakonda. Ankangovala kuti amalume ake akhale chete, ndiponso kuti ine ndisachite manyazi.

Kenaka anati ngati mwamuna ndi amene amaveka mkazi, ndiye kuti zaka zitatuzi mwamuna wake ndine. Tinaseka, kenaka tonse tinalira. Nsaluzo anazisiya pamphasa n'kumapita.

Mtima wanga ukuwawa, Alfonsi, ndipo ndakwiya nawe kwambiri. Ndani anakuuza kuti ntchito ya kwa mzungu imakhalitsa? Tsiku limene msana wako udzakane kunyamula matumba, bwanayo adzakuonetsa msewu. Udzabwera kuno ndi kabokosi kako kachitsulo, kufuna wokupatsa madzi akumwa.

Amalume a Lenia ati adikira mpaka mvula yoyamba basi, ndipo mitambo yayamba kale kuoneka cha ku Mchinji. Bwera ndi mapazi ako. Nsalu usatumize, zilipo kale zitatu m'dengu mwanga zosowa wovala. Ngati subwera, unene poyera, ndipo ulembe m'Chinyanja choti amayi amve okha. Iwo sindinawauze tanthauzo la mawu ako aja. Mpaka lero akuuza aliyense kuchitsime kuti mwana wawo wakwezedwa pa ntchito.

Mulungu akusunge, akufewetsenso mtima. Upereke moni kwa atsibweni a Andireya ndi onse akwathu ali kumeneko.

Ndine mlongo wako,
Yosefina