Ndikupakabe Polishi

Chelstone, Lusaka

Okondedwa alamu anga ba Anita,

Muli shani ku Solwezi? Ife kuno tilipo, ana akupereka moni.

Amayi anu anatuluka m'chipatala Lachiwiri. Opaleshoni ya m'chiuno inayenda bwino, ndipo akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo ziwiri. Dzulo kunabwera namwino kudzayendera nyumba, kabuku kali m'manja. Akuti tichotse makapeti, tiike chitsulo chogwirira kubafa, tisiyenso kupaka polishi pansi, chifukwa amayi akangogwa, basi, sadzadzukanso pabedi.

Makapeti ndachotsa. Za chitsulo, alongo anu ba Hector akuti adzaona Loweruka. Mukuwadziwa.

Koma za polishizo ndinangoseka. Mukukumbuka chaka chimene ndinakwatiwa? Amayi anandigwaditsa pakhonde alendo akuona, ine ndili ndi pakati, kuti ndipukutenso mpaka adzione nkhope. Inu munali pampando mukudya mtedza. Amayi anati mkazi amene pansi pake sipawala ndi wauve. Zaka khumi ndi ziwiri sindinaphonyepo tsiku. Ndiye lero ndiyambe kusamvera apongozi chifukwa cha kamtsikana ka kabuku?

M'mawa uno ndapaka kawiri, kuyambira pakhomo la chipinda chawo mpaka kuchimbudzi. Amayi anaima pakhomopo nthawi yaitali akuyang'ana pansi. Kenako anandiitana kuti "mwana wanga", koyamba chikwatiwire. Ine ndinapita kukayanika zovala.

Munanena kuti kwanuko mulibe malo owasungira. Ganizaninso bwino, alamu. Kuno nyumba ikuwala kwambiri.

Ndine mlamu wanu womvera,
Emmy