Vaneti Ija Musagule

Kanyama, Lusaka
15 Januwale 2025

Okondedwa ba sisi Thandi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani Loweruka lisanafike, musanapite kwa wogulitsa galimoto uja. Ndalemba papepala ndipo ndiijambula ndi foni, chifukwa m'nyumba muno munthu ukangoti halo makutu onse amaima, ndi a neba omwe. Ife tili bwino, kungoti mvula yatipanikiza monga mumdziwira Kanyama wa Januwale, popita kumsika nsapato zimakhala m'manja.

Ndiyambe ndi chachikulu. Uthenga wamawu umene ndinakutumizirani Lamlungu, wakuti mugule vaneti, muufufute. Pakamwa panali panga, koma mawuwo sanali anga.

Munatumiza zithunzi za galimoto ziwiri, vaneti yoyera yotsegula kumbuyo ndi kagalimoto kakang'ono kobiriwira. Munati popeza ntchito yatsopano yosamalira okalamba m'makomo mwawo ikufuna muziyenda nokha m'mapiri a ku Scotland, pa chipale chofewa ndi ayezi, ine dalaivala wa pabanja ndikusankhireni. Kenaka munawonjeza kuti mukagula vaneti, chisanu chikatha mudzaikweza sitima ibwere kwa ine ndizinyamulira anthu katundu. Mawu omalizawo ndiwo anaononga zinthu. Anawamva mlamu wanu Chalwe, ndipo chimene Chalwe wamva m'mawa, masana chafika kale ku Matero kwa amalume.

Choncho Lamlungu tikungochoka kutchalitchi tinaona amalume athu, ba Chrispin, atulukira ndi jekete lawo la maukwati. Sanafune ngakhale tiyi. Anayang'ana zithunzizo foni ataitalikitsa, n'kunena kuti, "Iwe Dingani, nkhani yasila. Motoka ikulu siyopa vinthu va sinoo. Aka kang'ono tizanyamulilamo chani, nkhuku?"

Ndinati vanetiyo imakoka ndi matayala akumbuyo okha, pamene kakang'onoko kamakoka ndi onse anayi. Iwo anaseka. "Sinoo unaiona kuti iwe? Mu filiji?" Chalwe sanaseke. Anangondiyang'ana, n'kunena pang'onopang'ono, "Ba Dingani, mwamvela vamene bakamba ba malume. Ganizani bana."

Apa ndiyenera kukuuzani chimene ndakhala ndikubisa. Minibasi ndinkayendetsa ija mwini wake anaigulitsa Khirisimasi isanafike. Kuyambira pamenepo ndimalawirira ku siteshoni kukaima, kudikira kuti mwina dalaivala wina adwale ndimugwirire tsikulo. Ndi manyazi kupempherera mnzako malungo, koma ndafika pamenepo. Ndiye mumvetse kuti pamene amalume anandigwiritsa foni m'manja, onse awiri ali phee kundiyang'ana, vaneti ija ine sindinkaiona m'mapiri mwanumo ayi. Ndinkaiona pa msika wa Soweto itadzaza matumba a kabichi, ine ndili pa chiwongolero. Ndinadina, n'kulankhula zimene munamvazo.

Inu munayankha kuti, "Ukatero iwe, basi, Loweruka ndigula." Mawu amenewo andisowetsa mtendere. Mukanatsutsa pang'ono bwenzi zili bwino, koma inu mumandikhulupirira pa za galimoto kuposa mmene ndimadzikhulupirira ndekha.

Amalume sananame, chipale sindinachionepo. Koma matope oterera ndimawadziwa, ndinakuliramo. Dzulo masana mvula itangokata ndinapita kwa mnzanga Abdulhamid, kalipentala uja amene anatikhomera zitseko. Ali ndi vaneti yonga yanuyo, yokoka kumbuyo. Ndinamuuza zonse, n'kumupempha kuti tikaiyese yopanda katundu, monga mmene inu muzidzayendera, pa msewu wadongo wodutsa m'mbali mwa chidzenje chimene anthu ankaswamo miyala. Nyengo ino chadzaza madzi mpaka pakamwa. Anadandaula, koma anakwera, akuti sangasiye galimoto yake ikafe yokha.

Sisi, sindinathamange. Ndinali pa giya yachiwiri, liwiro loti munthu wa njinga akanandipitirira. Titafika pokhota ndinangoponda mafuta pang'ono, kumbuyo kwa galimoto n'kuyamba ulendo wakewake. Ndinabweza chiwongolero mmene ndachitira zaka zonsezi, kumbuyoko kunabwerera n'kupitirira mbali inayo. Mabuleki ndinawagwira, koma zinali ngati ndaponda phala. Tinazungulira mwakachetechete, ndikuona nyumba, kenaka madzi, kenaka nyumba, mpaka tinaima titayang'ana kumene tinachokera. Tayala limodzi lakumbuyo linali lendelende pamwamba pa madzi, likuzungulirabe.

Ndinkaopa ngakhale kuchotsa phazi pa buleki. Abdulhamid anapemphera chamumtima, kenaka anati, "Boyi, usagwedezeke. Nizaseluka ine poyamba, niitane bantu." Anatsika mosamala ngati akuchoka pa bedi la mwana wogona. Ine ndinatsala ndekha mmenemo, ndikumva dothi likugumukira m'madzi pansi panga. Anabwera azibambo oswa miyala ndi chingwe, anatikoka, ndipo anatitukwana mokwanira, zomwe zinali zotiyenera.

Pobwerera anayendetsa ndi mwiniwake. Tili m'njira anati, "Apa ni matope chabe, na iwe ndiwe dilaiva wa zaka. Manje ba sisi bako pa ayezi, beka, kulibe na wa nthambo?" Ndinkaganiza za inu, amene munaphunzira kuyendetsa mutakula kale, amene mpaka lero mumagwira chiwongolero ngati mukupha nkhuku. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Amalume ndikawauza adzati tiike matumba a mchenga kumbuyo kuti ilemere. N'zoona zimathandizako. Koma sindingaike moyo wa mlongo wanga pa thumba la mchenga. Mapanga awiri avumbwitsa, sisi. Galimoto imeneyi tinkaisankhira misewu iwiri, wanu ndi wanga, pamene woyendamo chisanu chino ndinu.

Tsono mverani dalaivala wanu, ulendo uno akulankhula yekha. Gulani kakang'onoko. Musanapereke kanthu, mugwade muone matayala. Ndafufuza ndithu, ndipo akuti a nyengo yozizira amakhala ndi chizindikiro cha phiri m'mbali, mkati mwake muli kanyenyezi ka chipale. Ngati palibe, agulidwe tsiku lomwelo, onse anayi, osati awiri. Kukoka ndi matayala anayi kumathandiza ponyamuka ndi pokwera chitunda, koma poima chimakupulumutsa ndi tayala, ndiye musadzimve mfumu. Potsetsereka muzitsika ndi giya yaing'ono, wakutsogolo muzimutalikira, ndipo akakuimbirani hutala wakumbuyo musiyeni aimbe, si iye anakuberekani. Musuzumirenso kunsi kwa galimotoyo, ndamva kuti mchere umene amathira m'misewu kumeneko umadya zitsulo. Zotsalazo mufunse anzanu a kuntchito amene anabadwira m'chipalemo. Pamenepo iwo ndi aphunzitsi, ine ndine wongomva.

Ndikupempheni zinthu ziwiri. Musanditumizire chilichonse chondipepesa, ndipo musayambe kufunafuna vaneti ina yoti mudzanditumizire, ndikukudziwani. Ntchito ndiipeza, manja ndili nawo. Chachiwiri, amalume akakuimbirani musadzinamizire kuti mwasintha maganizo nokha pofuna kunditchinjiriza. Muwauze kuti ndi Dingani. Adzanditcha chitsiru chotaya mwayi chili maso, ndipo mwina pa maliro ndi maukwati azindilambalala kwa kanthawi. Zimenezo ndipirira.

Amene akundilemera ndi Chalwe. Si mkazi wadyera, inu mukumudziwa. Ndi iye amene wakhala akutidyetsa ndi tomato wa pakhomo miyezi iwiriyi osandinyoza ngakhale kamodzi, ndipo kuyambira Lamlungu wayambanso kuimba akamachapa. Za dzulo sakudziwa. Matope a pa buluku ndinati ndinagwa pa siteshoni.

Ana akupereka moni, akuti muwajambulire chipale mutachigwira m'manja. Abdulhamid akuti muyende bwino, ndiponso kuti galimoto yake sindidzaikhudzanso mpaka tsiku la chiweruzo. Mlamu wanu naye akupereka moni wambiri. Pamene ndikulemba pano ali panja ndi khasu, akuzula kadimba kake ka lepu ndi chibwabwa kuseri kwa nyumba kuti pakhale poimika vaneti. Wangosuzumira pawindo posachedwapa, thukuta lili kamukamu, akuti ndikufunseni kutalika kwake kuti adziwe polekezera. Ndamuuza kuti ndifunsa.

Sindikufunsa, sisi. Ndikangotumiza kalatayi, poti ikapita sindingaibwezenso, ndituluka ndikamulande khasulo asanamalize mzere wotsalawo. Musamuimbire lero.

Mulungu akusungeni m'misewu imeneyo.

Ine mlongo wanu,
Dingani