Funso la Mwana wa Kumbuyo

Lachisanu, 18 Epulo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Ndikulemba nditakhala pabedi m'chipinda chimene atipatsa kuno ku maphunziro. Anzanga apita kukadya, ine ndatsala kuti ndikulembereni.

Paja munaseka nditakuuzani kuti sukulu yathu yatumiza aphunzitsi awiri a Chingerezi ku maphunziro owonjezera, ine ndi abambo. Munati ndikawabwereke pensulo akaiwala yawo. Nanenso ndinkaseka. Tinapeza holo yotentha, mabuku ochepa oti gulu lonse lizisuzumira pa limodzi, ndi lamulo lakuti chilankhulo chathu tizichisiya pakhomo ngati nsapato. Mayi wotiphunzitsa tinawatcha a Kabelu, chifukwa kabelu sikachoka m'manja mwawo. Kuyamba kabelu, kusiya kabelu, kutsokomola komwe timadikira kabelu. Si munthu woipa ayi, koma zimaoneka kuti sanaimepo kutsogolo kwa ana odzaza mpaka pazenera.

Chimene akutiphunzitsa n'chakuti mphunzitsi asamalankhule yekha. Ana akhale m'magulu, azikambirana, azifunsa, iye azizungulira akumvetsera. Inu mukudziwa mmene abambo amaphunzitsira: iwo anene chiganizo, kalasi yonse ibwereze mpaka malata anjenjemere. Ife tinaphunzira choncho, ndipo ana a m'kalasi mwawo amakhoza. Koma a Kabelu ananeneratu kuti aliyense adzaphunzitsa phunziro limodzi pamaso pawo, anzakefe titakhala ngati ana, ndipo wolephera njira yatsopanoyi adzamuchotsera kalasi ya mayeso. Achimwene, chimwalirireni amayi, kalasi ya mayeso ija ndiyo imawadzutsa abambo m'mawa.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndachionera kuno. Abambo makutu akutha. Kunyumba ndinkangoti ndi khalidwe lawo lija losafuna kuyankha akamawerenga. Koma kuno amathamangira mpando wa kutsogolo, maso ali pamilomo ya wolankhula, ndipo anthu akaseka, iwo amaseka mochedwa. Kalasi ikamakuwa pamodzi amamva. Alankhule munthu mmodzi chapatali, palibe chimafika.

Aphunzitsife tili ndi kachitidwe kathu pa maphunziro otere. Mnzako akaima kutsogolo umamuphimba: umagwedeza mutu, umayankha ndi mphamvu, kaya wamva kaya sunamve. Choncho dzulo ndinazungulira magulu onse kupempha kuti abambo akamaphunzitsa, aliyense azikweza mawu. Mphunzitsi wina amene timamutcha Wamtali anati, "Osadandaula achemwali, tikuwa mpaka odutsa mumsewu aphunzire nawo."

Sitinadziwe kuti a Kabelu kachitidwe kathuko akukadziwa. Lero linali tsiku la abambo lophunzitsa. M'mawa a Kabelu anatiitana mmodzimmodzi pakhonde n'kupatsa aliyense khalidwe la mwana woti akhale: uyu wovuta, uyu waulesi, uyu wodziwa zonse. Atafika pa ine anati, "Inu mukhale mwana wamanyazi wa kumbuyo. Mufunse funso motsitsa mawu, ndione ngati angamupeze. Ndikuonani nanunso, musandichitire zachifundo." Sankadziwa kuti wophunzitsayo ndi bambo anga, paja ine ndimadziwika ndi dzina la amuna anga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndinaopa kuti afunsa chifukwa chake ndikukana. Kabelu kanalira.

Abambo anayamba bwino, mukanawaona. Jekete ili pathupi m'kutentha konseko, anatiika m'magulu, anazungulira akuwerama pa desiki iliyonse, ndipo anzanga ankakuwa ndithu. Mtima unayamba kutsika. Kenaka anatembenukira ku bolodi kuti alembe. A Kabelu anandiyang'ana n'kugwedeza mutu.

Ndinafunsa, motsitsa monga anandiuzira. Choko chinapitiriza kuyenda. Ndinabwereza, ndikukweza pang'ono mobera. Magulu anayamba kukhala chete limodzi ndi limodzi. Wamtali anatsokomola, anakoka mpando pansi kuti mwina atembenuka, koma ayi. Ndinafunsanso, tsopano ndi mawu oti aliyense m'holomo anamva. Ndiye abambo, nkhope ikadali ku bolodi, ananena m'Chingerezi chawo chosalala chija, "Pali funso? Palibe? Chabwino, ana abwino."

Achimwene, sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangodzimva ndikukuwa m'chilankhulo chathu, "Abambo!"

Anatembenuka. Anaona dzanja langa lili m'mwamba, anaona nkhope zonse zija, ena atagwetsa maso pansi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kumbuyo, anawerama n'kuika khutu pafupi ndi pakamwa panga, ndipo ndinafunsa funso langa lopusalo misozi ikutsika. Anandiyankha bwinobwino ngati mwana wina aliyense, namaliza phunziro lawo mpaka kabelu.

A Kabelu anawaitanira mu ofesi. Ndinamva kuti analankhula nawo mwaulemu, ndipo anapepesa atadziwa kuti wofunsa uja anali mwana wawo. Koma anati ana a mayeso sangadikire. Kalasi ipite kwa mphunzitsi wina wa pasukulu yathu amene wachita maphunzirowa. Mphunzitsi winayo mukumudziwa.

Abambo ndinawapeza pampopi kuseri kwa holo akusamba choko m'manja. Ndinakonzeka kuti andikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Ndinayamba kupepesa, ndikuonetsetsa kuti akuona milomo yanga. Anandidula.

"Aphunzitsi," anatero. Sananene kuti iwe. "M'kalasi muja muli kamtsikana kamakhala pakona, pafupi ndi kabati. Chaka chonse ndakhala ndikuti n'kaulesi, sikafunsa kanthu." Anatseka mpopi. "Mukakayambire kameneko. Mwina kakhala kakundifunsa."

Anavala chipewa n'kumapita ku chipinda chawo, ndipo ine ndinalephera kuwatsatira.

Mawa tikwera basi imodzi, mpando umodzi, ndipo sindikudziwa kuti tikambirana chiyani. Chonde mufunsefunse kumeneko za madokotala a makutu, koma mwakachetechete. Mupereke moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Abambo akakuimbirani foni Lamulungu, musaonetse kuti ndakulemberani. Akakuuzani kuti kalasi aisiya okha chifukwa atopa, muvomere. Muzingolankhula mokweza, achimwene, ndipo akakufunsani chifukwa chake mukukuwa, munene kuti foni yanu ndiyo yavuta.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsiriza