Juzi Yobiriwira ya Bambo

Aiud, 12 Novembala

Wokondedwa mlongo wanga Horia,

Moni wochuluka kwa iwe ndi mlamu wanga Corina. Kodi muli bwanji kumeneko ku Castellón? Nanga mwana wanu Matei chifuwa chija chinamusiya? Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwabwera msanga chaka chino, ndipo mitengo ya kuseri kwa nyumba yayoyoka kale.

Ndamva kuti bambo anakuuza pa foni kuti andikweza pa ntchito. Sananame. Koma anakuuza mutu wokha, thupi la nkhani analisiya, ndipo ine pakamwa sindingathe kulinena. N'chifukwa chake ndagwira cholembera ngati munthu wakale.

Iwe umandiseka kuti ndinakhala zaka zisanu ku yunivesite kuphunzira kutsuka zitsulo. Seka, koma lero umvetsere. Timatenga chitsulo chimodzi mwa zimene zimakalowa m'giyabokosi, n'kuchitsukuluza ndi mankhwala, mankhwalawo n'kuwasefa pa kapepala koyera. Kenako ndimaika kapepalako pa maikulosikopu n'kuwerenga litsiro lonse limene latsalira. Zitsulo zathu zili ndi timabowo tothina zedi todutsa oyilo, moti kaulusi kamodzi kakatsekamo, galimoto imakana kusintha giya munthu ali pakati pa msewu.

Bambo, monga ukudziwa, ali kumapeto kwa mzere, kumene amalongedza zitsulo zotsukatsuka. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu m'fakitale imodzi, ndipo yawatsalira miyezi khumi ndi inayi kuti apume.

Mu Seputembala kapepala kanayamba kubwera ndi tiulusi. Nditangoika diso pa galasi, ndinazindikira chimene ndikuona. Ubweya wobiriwira, wopotedwa ndi wotuwa. Horia, ubweya umenewo ndinakagula ndine. Wobiriwira utatha, mayi ananena kuti ndisavutike kukafuna wina, aphatikiza ndi wotuwa wotsala pa masokosi ako.

Ndi juzi ija mayi analukira bambo, mayiwo ali m'chipatala. Analibenso mphamvu zowayeza, ndiye mikono inatalika, imatulukira kunja kwa chovala cha ntchito. Chiikireni maliro a mayi, bambo sanapiteko ku ntchito osaivala, ngakhale mwezi wotentha.

Pa fomu yathu pali malo olembapo kumene litsiro lachokera. Ndinalemba kuti sikukudziwika. Sabata yotsatira ndinalembanso chimodzimodzi. Ine, amene ndimakalipira anthu akalowa m'chipinda changa choyezera atasiya tsitsi limodzi kunja kwa chipewa.

Bodza langalo linagwera wina. Abwana anayamba kuloza chala Aurica, mayi uja amakolopa ku ntchito kwathu, ati nsanza zake ndizo zikuthothoka. Ndinamupeza akulira pa khomo la chimbudzi, akuti ampatsa chenjezo lomaliza, pamene iye nsanza yobiriwira sanaigwirepo. Ndinamusisita pa phewa ngati munthu wabwino. Mpaka lero ndikamuona manyazi amandigwira.

Lamulungu ndinapita kwa bambo nditaphika msuzi wa nyemba umene amaukonda. Ndinadikira amalize kudya, ndiye ndinawauza zonse mofatsa, n'kuwapempha kuti juziyo azivala kunyumba kokha. Poyamba anaseka, ati zitsulo zimenezo anayamba kuzigwira ine ndisanabadwe, ndipo palibe galimoto inafa ndi juzi. Nditatulutsa chithunzi cha tiulusi tija, kuseka kunatha. Anachikankhira kumbali n'kunena kuti:

"Sanda, mayi ako moyo wawo wonse sanadetsepo kanthu. Usayambe lero kuwanamizira."

Ndinatsuka mbale n'kumapita.

Lachinayi lake kampani imene timaigulitsa zitsulo inabweza lole yathunthu. Abwana anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti zikachitikanso, ntchito ya mzere wonse ipita ku fakitale ina, ndipo Aurica asabwerenso Lolemba. Mzere umenewo uli ndi anthu makumi anayi, bambo ali momwemo.

Ndinabwerera m'chipinda changa n'kulemba zoona. Pa malo a gwero la litsiro ndinalemba kuti juzi yaubweya ya wolongedza, ndi dzina lawo lonse, Traian Moldovan. Sindinazengereze n'komwe, ndipo chimenecho ndicho chimandiopsa.

Anawaitana ku ofesi ine ndili pomwepo. Abwana sanawakalipire, anangowapatsa pepala lija kuti awerenge. Bambo anavala magalasi, anawerenga mpaka pamene ndinasaina. Kenako anavula chovala cha ntchito, anavula juzi, n'kuipinda bwinobwino monga mmene mayi ankapindira, mikono m'kati. Anatsala ndi kamalaya kopyapyala. Sindinkadziwa kuti anaonda chotero.

Kuyambira tsiku limenelo kapepala kanga kamatuluka koyera kuti mbee. Aurica ali pa ntchito. Ine andikweza, ati ndinaonetsa kuti sindikondera ngakhale wa magazi anga. Anandiombera m'manja, ndipo ndinkangofuna nthaka itang'ambika.

Atavula juzi ija, m'mawa wake bambo anagogoda pa windo la chipinda changa. Anandipatsa juzi ija ili m'jumbo yomata, imene timasungiramo zitsulo zotsuka. Anati, "Sungani ndinu, mayi injiniya, poti ndinu odziwa zaukhondo." Chiyambire pamenepo ndi mmene amandiitanira. Amandipatsa moni ngati mlendo, ndipo Lamulungu ndikafika ndimapeza atadya kale.

Chimene chikundidya kwambiri ndi ichi. Patangopita sabata ndinakumbukira kuti pali ovolosi yotseka m'khosi ndi m'mikono, imene munthu angavale chilichonse m'kati popanda kaulusi kotuluka. Ine mwini ndimavala yotero tsiku ndi tsiku. Mwezi wathunthu ndinkangoganiza zobisa kapena kuulula, njira yapafupiyi osaiona. Injiniya wa zaka zisanu ameneyo.

Ndinaitanitsa ya msinkhu wawo, abwana anavomera. Ili lende m'kabati yawo ya ku ntchito, sanaikhudze. Juziyo ndayesa kuwabwezera kawiri, amangoti litsiro salowa nalo m'nyumba. M'mawa amaima podikira basi ndi kajekete kaja ka chilimwe, ndipo ayamba kutsokomola.

Tsono pempho langa ndi ili. Pa 7 Disembala tidzachita mapemphero okumbukira mayi, poti chaka chidzakhala chitakwana chimwalirireni. Ndikudziwa unati tchuthi n'chovuta, koma bwera, ndakugwira mwendo. Tirigu amene timagawira anthu pa chikumbutso ndiphika ndine, makandulo ndagula kale, iwe usanyamule kanthu. Udzangotenga jumboyi kwa ine n'kukawapatsa ndi manja ako. Kwa iwe alandira, paja iwe sunawalakwirepo, ngakhale tsiku lija unagwetsera njinga yawo mu mtsinje.

Jumboyo sindinaimatule. Ndimaopa kuti fungo la nyumba yathu lingatuluke, ndiye iwo adzapeze yangokhala juzi wamba.

Undiperekere moni kwa Corina, Matei umupsompsone pa chipumi m'malo mwanga. Ambuye akusungeni nonse ndipo akuyendetse bwino pa ulendo.

Ukadzawapatsa, usadzandiikire kumbuyo. Udzangowauza kuti ananena zoona: mayi sanadetse kanthu. Mawu aja pa fomu ndinalemba ndine.

Ndine mlongo wako,
Sanda